Khola la Phulusa

3 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi Katsabola wanga. Ine kuno moyo ulipo, kungoti mapazi amatupa pofika madzulo. Achimwene, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera amayi chifukwa cha maso awo aja. Chonde werengani zonse, osamadumpha pomwe pakukhudza inuyo.

Ntchito ija ndaipeza. Ndi ya m'nyumba, kwa banja lina lopanda ana, pamwamba penipeni pa nyumba yosanja. Adona amagwira kuchipatala, kopereka mankhwala. Abwana ndi a mu ofesi, amachoka atamanga tayi n'kubwera atamasula, zina sindidziwa. Onse awiri amatuluka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. Andipatsa kachipinda ka kuseri kwa khitchini, momwe muli makina ochapira. Bedi langa ndi makinawo zimagundana, moti akamazungulira nanenso ndimagwedezeka, koma chitseko chimatsekeka ndipo lendi sindilipira.

Tsono imvani chimene andilembera kwenikweni. Si kusesa kapena kuchapa ayi. Abwana anawagulira adona kamwana ka galu, kakang'ono ngati buledi, kotuwa thupi lonse. Mlonda wa pageti anandinong'oneza kuti adona anapita padera chaka chatha, ndiye kagaluka ndi kowapukuta misozi. Dzina limene anakapatsa limandipinda lilime, ine ndimangoti Phulusa.

Phulusa ali ndi khola lake la waya pabalaza, longa lotengera nkhuku kumsika, koma muli kabulangete kofewa kuposa kanga. Adona anandifotokozera kuti galu sakonda kuipitsa pomwe amagona, ndiye akazolowera kholalo amaphunzira kudzigwira mpaka munthu atamutulutsa. Ntchito yanga ndi kumulowetsa akafuna kugona, ndi kuthamanga naye pansi akangodzuka, akangodya, ngakhale akangosewera. Pabalazapo pali kapeti yoyera mbee, mphatso ya paukwati yochokera kwa amayi a abwana. Adona anailoza ndi chala n'kunena kuti, "Iyi ikada sindidzafunsa galu, ndidzafunsa iwe."

Ndinaseka mumtima, Amayi. Ine wolera mwana mpaka kuyenda, galu angandivute? Lero lokha wakodza kale pakhomo la bafa komanso pansi pa tebulo.

Kangachepe ndatumiza ndi adalaivala a basi omwe aja. Muyambe ndi mankhwala a maso, kenako nsapato za Katsabola, zikhale zokulirapo kuti zisamuthine msanga. Lata lodontha lija lidikire mwezi wamawa, pakali pano muzitchera beseni.

Achimwene, pa foni munati mwanayo wayambanso kukodza pogona. Anali atasiya ine ndisananyamuke. Musamupatse tiyi wambiri madzulo, ndipo muzimuuza kuti amake amamutchula tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu.


24 Malichi

Amayi,

Moni wa mwana wanu. Ndamva kuti chifuwa chinakugwirani, kaya pano mukupezako bwanji. Ine ndili bwinoko, koma mawondo akudandaula.

Chikepe cha nyumba ino chinawonongeka, ndiye ndimatsika ndi kukwera masitepe Phulusa ali m'manja, poti ndikamuika pansi amakhala pomwepo n'kuyamba zake. Pansi palibe bwalo. Pali kamalo ka udzu kutsidya kwa msewu, pafupi ndi siteji ya basi, pomwe bambo wina amagulitsa zipatso pa wilibala. Bamboyo ndi wobwera ngati ine. Amandiseka kuti ndinawoloka malire kudzaperekeza galu kuchimbudzi, kenako amandipatsa nthochi yofewa imene sangagulitse.

Ndikaima pa udzupo ndimadikira. Phulusa amanunkhiza, kuthamangitsa pepala, kuluma chingwe, osachita kanthu. Tikangokwera n'kulowa m'nyumba, pomwepo. Ndaphunzira kuti ukaona wayamba kuzungulirazungulira mphuno ili pansi, usiye chilichonse, ngakhale mkaka uli pamoto. Akachitira panja ndimamuyamikira ngati wakhoza mayeso n'kumupatsa kanyenyeswa ka bisiketi yake. Akachitira m'nyumba ndimathira viniga ndi soda, chifukwa fungo likatsala amabwererapo.

Pamwamba pa shelefu pali kamera yoyang'ana khola ndi kapeti. Adona amaona zonse pa foni ali kuntchito. Tsiku lina ndinakhala pa sofa kuti ndipumitse miyendo, foni inalira nthawi yomweyo.

Loweruka lapitali abwana anaponda chimbudzi cha galu ndi sokosi. Anamugwira pakhosi, kumukhudzitsa mphuno pa zoipazo n'kumukwapula ndi nyuzipepala yopinda, kenako anamuponya m'khola n'kutseka mwaukali. Ndinayesa kunena kuti galuyo sakudziwa chimene akumenyedwera, poti anachita kalekale. Anangondiyang'ana, ine n'kulowa m'khitchini. Chiyambire tsikulo Phulusa sachitiranso poyera. Amakabisala kuseri kwa sofa kapena pansi pa bedi la eni ake, ine n'kumakwawa ndi nsanza kufunafuna komwe kukuchokera fungo. Khola akaliona amabwerera chammbuyo.

Ndalemba zimenezi ndi cholinga. Mayi woluka tsitsi amene ndinabwera naye pa basi, yemwe kwawo ndi kufupi ndi kwathu, analankhula ndi mng'ono wake, ndipo ndamva kuti alamu anga, akazi a achimwene, amayanika mkeka wa Katsabola kumaso kwa nyumba, n'kuitana ana anzake kuti adzaone. Achimwene, apa musadumphe. Sindikukana kuti alamu akuvutika ndi kuchapa, ndipo ndimawathokoza. Koma mwana wa zaka zinayi simumuchiza ndi manyazi. Mudzangoona wayamba kubisa zovala zonyowa m'dengu. Mkekawo muziyanika kuseri, ndipo sopo ndiwonjezera.

Amayi, mankhwala muzidonthetsa monga ananenera adokotala, osati pokhapokha maso akayabwa.

Mwana wanu.


16 Epulo

Amayi anga,

Ndikupereka moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Kalata yanu ndinalandira, ndipo chithunzi chimene Katsabola anajambula ndachimata pa makina ochapira. Sindikudziwa ngati ndi ine kapena mbuzi, koma ndachikonda.

Kuno zinthu zatentha pang'ono. Mukukumbukira nkhani ya mapepala anga aja, kuti munthu amene analonjeza kuwakonza anasiya kuyankha foni. Masiku ano galimoto za apolisi zikumaima pa siteji ya basi, kutsitsa anthu n'kumawafunsa zitupa. Mlonda wa pageti, bambo wachikulire wa mtima wabwino, amandikodola ndi dzanja ndikafika pansi: akagwira chipewa ndiye kuti ndibwerere. Sabata yatha anagwira chipewa pafupifupi tsiku lililonse.

Ndiye ndimabwerera pamwamba ndi galu amene watsala pang'ono kuphulika. Ndinayala nyuzipepala pakhonde kuti azichitira pamenepo. Koma taganizani, dzulo ndimamuuza kuti udzu, lero ndikumuuza kuti pepala. Wasokonezeka. Lachitatu anaona magazini ya adona ili pa kapeti, iye n'kuona ngati ndi pepala lake lija. Mkodzo unadutsa n'kulowa mu kapeti. Ndinathira viniga, ndinapukuta, ndinaumitsa ndi makina a tsitsi a adona, koma panatsala chizindikiro chachikasu chachikulu ngati mbale.

Adona anali ataona kale pa kamera. Atafika sanavule ndi nsapato zomwe. Anandifunsa chifukwa chimene sindikutsikira ndi galu masana, poti kamera imaonetsa chitseko. Ndinati mawondo. Sindikanawauza zoona, Amayi, chifukwa pondilemba ntchito sanafunse za mapepala, ndipo ndikuona kuti sanafunse dala. Ndikanena ine ndiye kuti ndawauza chimene safuna kudziwa, basi n'kunditulutsa. Anati ngati mawondo anga salola masitepe ndinene msanga, atsikana ofuna ntchito ndi ambiri. Atatero anakhala pansi pa kapeti pomwepo, kumunyamula Phulusa n'kuyamba kulira, osatulutsa mawu. Ndinawaphikira tiyi. Sindinadziwe kuti ndiwakwiyire kapena ndiwamvere chisoni.

Kapeti aitengera kwa ochapa, ndipo mtengo wake achotsa pa malipiro anga. N'chifukwa chake envelopu ya ulendo uno ndi yopepuka. Mankhwala a maso musadule. Ngati china chiyenera kudikira, likhale lata.

Achimwene, mwati ndikutaya nthawi kukamba za galu ngati ndi mwana. Galu ameneyu ndiye akudyetsa pakhomopo. Akaphunzira ndili ndi ntchito, akakanika ndili pamsewu. Ndipo zoti alamu azimudzutsa mwana pomutsina, sindikufuna kuzimvanso.

Muzindipempherera.

Mwana wanu.


5 Meyi

Amayi,

Moni. Ndilemba mwachidule chifukwa adalaivala anyamuka masana ano. Mwezi uno mulibe kanthu m'kalatamu. Ndikhululukireni.

Amayi a abwana anathyoka dzanja, ndiye abwana analamula kuti Lolemba ndipite kukawachapira ndi kuwasitira, kutsidya lina la tauni. Ndinafunsa kuti nanga galu. Anati atsekeredwe m'khola, ndi ntchito yake ya khola. Ndinati kamwana kotere sikangadzigwire tsiku lonse. Anati andilemba kuti ndizigwira ntchito, osati kuwaphunzitsa.

Ndinapita mtima uli m'mwamba, wapansi njira yambiri popewa masiteji. Gogoyo anali ataunjika zovala ngati za m'sitolo, makatani omwe. Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Ndili pa masitepe ndinamva kale kulira, mawu atasasa. Nditatsegula chitseko fungo linandibweza. Phulusa anali atadziipitsira m'kholamo, n'kuterereka momwemo, n'kugonamo. Kabulangete, ubweya, waya, zonse. Pakamwa panali magazi chifukwa choluma waya. Atandiona sanagwedeze ndi mchira womwe, anangonjenjemera.

Mayi wa nyumba ya pansi pathu anali atakadandaula kale kwa woyang'anira nyumba kuti galu walira tsiku lonse. Woyang'anirayo anabwera madzulo kudzachenjeza kuti zikachitikanso galu achoke. Adona anafunsa abwana kuti zatheka bwanji. Abwana anati iwo ankaganiza kuti ndibwerako masana, ndinachedwa ndine. Ndinali nditaima pomwepo ndi ndowa m'manja. Ndinangopita kukatsuka kholalo.

Tsopano Phulusa akungotsegula m'mimba, ndipo khola safuna n'kuliyandikira komwe. Adona anena kuti andipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno. Galu akakhala asanazolowere amubweza komwe anamugula, ndipo popanda galu iwo safuna wantchito wogona pomwepo.

Ndayambanso poyambirira. Chitseko cha khola ndachimanga ndi chingwe kuti chikhale chotsegula. Mbale yake ndimaiika pakhomo, mawa lake ndimaisunthira mkati pang'ono. Ndimakhala pansi pambali pake n'kumasenda mbatata kapena kupinda zovala, kumamuyankhula ngati munthu. Ndinaikamo juzi yanga yakale ija kuti azimva fungo langa. Dzulo analowetsa miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ili kunja. Ndinasangalala ngati wopenga, kenako ndinadzifunsa kuti moyo wanga wafika pati.

Ngati kusitolo angalole, tengani sopo ndi mchere pa ngongole, ndidzakonza. Makina anga osokera musagulitse, achimwene, ngakhale munthu atabwera ndi mtengo wabwino.

Ndine wanu.


28 Meyi

Amayi okondedwa,

Ndili moyo, ndipo ndikulemba ndili m'kachipinda kanga komwe kaja. Ndayamba choncho chifukwa mwina mwamva kale kudzera kwa mng'ono wa woluka tsitsi kuti m'dera lathu lino anthu ambiri atengedwa. Inu muli bwanji, nanga maso?

Lachinayi lapitalo Phulusa anachita chinthu chimene ndakhala ndikuchipempherera. Anadzuka m'khola, momwe tsopano amalowa yekha, n'kupita pachitseko, kukanda ndi phazi n'kundiyang'ana. Kanali koyamba kupempha. Ndinamunyamula n'kutsika. Pageti mlonda anali atagwira chipewa ndi manja onse awiri.

Ndinaima. Ndikanabwerera, galu akanachitira pa masitepe kapena m'nyumba, n'kuphunzira kuti kupempha kulibe phindu, pomwe mwezi umene anandipatsa unali kutha. Ndinamuika pansi, kugwira chingwe n'kuwoloka msewu ngati mwini tauni.

Galimoto inali pa siteji, chitseko chakumbuyo chili chotsegula, anthu atakhala mkati mitu ili pansi. Phulusa ananjuta pa udzu n'kuchita zake bwinobwino. Ndikutola ndi pulasitiki ndinaona nsapato zakuda zaima patsogolo panga. Wapolisiyo anali wachinyamata. Anafunsa ngati galuyo amaluma. Ndinapukusa mutu, poti ndikanayankhula kwambiri lilime langa likanandigulitsa. Anagwada, kumusisita m'makutu, kuwerenga kachitsulo ka pakhosi kamene pali nambala ya adona, n'kunena kuti mwana wake wakhala akumuvutitsa kuti amugulire wotere. Kenako anandifunsa komwe ndimakhala. Ndinaloza nyumba yosanja. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Pitani naye, kunja kuno lero si kwabwino."

Potembenuka ndinaona bambo wa zipatso uja akukwezedwa m'galimoto. Wilibala yake inangotsala pomwepo, malalanje ena atagwera mu ngalande. Anandiona. Sanandiitane, ndipo ine sindinamuyang'ane kawiri. Munthu amene amandipatsa nthochi. Mpaka lero nkhope yake ikundibwerera.

Ndinawoloka bwinobwino, kudutsa pageti bwinobwino. Chimene chinandichitikira ndili pakati pa masitepe sindingachilembe, poti owerenga ndi achimwene. Ndingoti ndinakolopa masitepewo ndisanalowe m'nyumba, ndipo wolakwa sanali galu. Ine mayi wamkulu, Amayi. Sindinamve n'komwe kuti zayamba liti.

Ndiye ndikupempha, osati ngati kale pomwe ndinkangolangiza. Katsabola sachita dala. Mwanayo ali ndi mantha. Anagona amake alipo n'kudzuka palibe, ndipo palibe anamuuza bwinobwino kuti ndapita kuti. Ine ndemwe ndinati tisamudzutse kuti angalire. Musiyeni azigona ndi inu, Amayi, osati ndi ana a alamu. Akanyowetsa mumusinthe osayankhula kanthu. Akadzuka pouma mumuyamikire kuti anthu onse amve.

Adona anaona pa kamera galu akukanda chitseko, ndipo madzulo anandibweretsera keke yotsala kuntchito kwawo. Za kutha kwa mwezi sanazitchulenso. Ndatumiza zochepa, mubweze kusitolo.

Mwana wanu.


22 Juni

Amayi,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti Katsabola wadzuka pouma masiku angapo motsatana, ndipo akugona kumbuyo kwanu. Zoti amakupondani m'nthiti, pirirani, anatengera ine. Koma zoti diso lamanzere latsekeka ndi ng'ala zandidetsa nkhawa. Adokotala akati opaleshoni, musakane chifukwa cha mantha, tidzaona chochita.

Phulusa waphunzira. Wakula, miyendo yatalika, sanyamulikanso. Akatopa amalowa yekha m'khola n'kugona chagada chitseko chili chotsegula. Ndikapita kumsika ndimatseka, ndipo pobwera ndimapeza pouma, mayi wa pansi osamva kanthu. Kapeti inabwerako yoyera ndipo ikadali yoyera. Alendo akabwera abwana amawaonetsa momwe galu amalowera m'khola akangoloza ndi chala, n'kumanena kuti chinsinsi chake ndi kusamulekerera. Ine ndimakhala ndikuthira tiyi.

Lamlungu adona anandiitana kuti ndikhale nawo patebulo, chinthu chimene sanachitepo. Anati ndagwira ntchito yabwino kuposa momwe ankayembekezera. Anati ali ndi nkhani yosangalatsa: ndi oyembekezera, ndipo apeza nyumba yapansi yokhala ndi bwalo ndi mpanda, kunja kwa tauni. Pachitseko cha kukhitchini adzaboola kakhomo koti galu azituluka yekha. Ndinawafunira mafuno abwino, ndipo ndinanena zochokera mumtima. Ndinayamba kale kuwerengera m'mutu kuti mwana akabadwa ntchito ikhalitsa.

Kenako anati kunyumbako kulibe chipinda cha wantchito. Amayi a abwana adzakhala nawo kuti athandize mwana akabadwa, ndipo abwana akufuna munthu wobwera ndi kampani, wokhala ndi zonse zoyenera. Pa mawu akuti zonse zoyenera anayang'ana m'kapu. Ndiye kuti ankadziwa nthawi yonseyi. "Galu tsopano akutha kukhala yekha," anatero, "ndipo zimenezi ndi chifukwa cha iwe."

Ndinathokoza, n'kutenga makapu kukatsuka. Ndinatsuka kapu imodzi nthawi yaitali.

Ndili ndi mpaka kumapeto kwa mwezi. Pakali pano ndikuwalongedzera mbale m'makatoni. Ndafunsa mlonda, ndafunsa mayi wa pansi yemwe uja, ndafunsa kutchalitchi. Aliyense akuti masiku ano anthu akuopa kulemba munthu wonga ine. Woluka tsitsi wati ndingagone pansi m'chipinda chake kuseri kwa saluni kufikira nditapeza pogwira, koma ali kale atatu momwemo.

Achimwene, mwandilembera kuti alamu atopa, ndipo ngati sinditumiza zokwanira ndibwere ndidzatenge mwana wanga. Ndamva. Ndikabwera opanda kanthu tidzadya chiyani, ndipo maso a amayi adzalipira ndani? Ndipatseni miyezi iwiri. Katsabola musamuuze za ntchitoyi. Makalata muzipereka kwa adalaivala kuti azisiya kusaluni.

Ndine mwana wanu, wosowa pogwira.


19 Julayi

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino. Pepani kuti ndakhala chete. Panalibe chabwino cholemba, ndipo sindinafune kukutumizirani pepala la madandaulo okhaokha. Thupi lili bwino, ndangochepa pang'ono.

Masabata apitawa ndakhala ndikusesa tsitsi mu saluni ndi kutsuka matawulo, malipiro ake ndi pogona ndi chakudya. Timagona mopingasa ngati machesi. Ndinayesa kwa mayi wina wofuna wochapa, anandigwiritsa ntchito tsiku lonse n'kunena kuti kunali kuyesa chabe.

Lachiwiri foni inalira. Anali adona. Anayamba ndi kufunsa za moyo wanga, mawu ali ozungulira, kenako anafika pa nkhani. Chisamukireni Phulusa wabwerera mmbuyo. Kakhomo kaja amakaopa chifukwa kamamenya kumbuyo akamadutsa. Akukodza m'khonde, m'chipinda chimene akonzera mwana, paliponse. M'khola salowa, poti gogo uja amamutsekeramo akalakwa n'kumenya waya ndi ndodo. Wa kampani amabwera kudzakolopa n'kumapita, za galu akuti si ntchito yake. Abwana anena kuti mwana asanabadwe galu achoke. Adona anafunsa ngati ndingamabwere masiku awiri pa sabata, osagona, mwakachetechete, abwana ali kuntchito.

Mtima unafuna kunena zambiri, Amayi. Mawu anali okonzeka pakamwa. Koma ndinayang'ana tsache lili m'manja mwanga n'kufunsa kuti ndikwere basi iti.

Ndinapita Lachinayi. Ndi ulendo wa mabasi awiri, ndipo pakati pake pali siteji yaikulu imene sindiikonda. Nyumbayo ndi yokongola, udzu wake wometa bwino. Adona anatsegula okha, mimba yayamba kuoneka, nkhope yotopa. Ndisanapereke ndi moni womwe ndinamva zikhadabo pa simenti. Phulusa anatulukira m'khonde, n'kuima, n'kundiyang'ana. Kenako anabwera chokwawa, mimba ili pansi, thupi lonse likugwedezeka, akulira kamawu kaja ka ali wamng'ono. Atafika pamapazi anga anagudubuka chagada n'kukodza pomwepo, pa nsapato zanga ndi pa matailosi atsopano.

Gogo uja anatulukira n'kuyamba kukalipa kuti taonani zimene amanena zija. Ndinawapempha mwaulemu kuti asakweze mawu. Sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti. Ndinauza adona kuti ndibwera, koma masiku atatu osati awiri, ndalama ya basi ikhale yawo, ndipo khola lisakhalenso ndende, aliyense m'nyumbamo amve zimenezo. Ndinawapemphanso kuti andilembere kalata yonena kuti ndinagwira kwa iwo ndipo ndine wokhulupirika, yoti ndizionetsa pofuna ntchito kwina. Anayang'ana apongozi awo, anayang'ana galu, n'kuvomera zonse kupatula kalatayo. Imeneyo akuti aganize kaye.

Sindikudziwa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Ndikudziwa tsopano kuti tsiku limene galuyu adzaphunzirenso ndi tsiku limene ndidzakhalenso pamsewu. Pobwerera pa basi ganizo linandifikira loti ndisamamuphunzitse msanga. Ndinachita nalo manyazi, koma silinachoke, ndipo mawa ndikupitanso.

Zimene anandipatsa tsiku loyamba ndaika m'kalata muno zonse. Achimwene, mupite nawo amayi kuchipatala sabata ino, musadikire kuti diso linalo litsekekenso. Alamu muwapatseko ya sopo ndipo muwauze kuti ndathokoza. Katsabola mumuyeze phazi ndi kachingwe, mundiikire mu envelopu.

Ndine mwana wanu.